Nkhondo ya Ketulo ndi Tabuleti pa Tsiku la Katemera

Tcherani khutu, inu mibadwo, mumve za masiku amene sukulu yathu ya kumapiri a Rungwe inalandira tabuleti imodzi, yoti asungwana aonerepo kanema wa katemera wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero. Masiku amene ife aphunzitsi, anthu a mataye ndi masatifiketi, tinali ndi soketi imodzi yokha yamoyo, ndipo pa soketiyo pankalamulira ketulo.

Tabuletiyo inaikidwa m'manja mwa a Gwakisa Mwakalinga, Mkango wa Choko, Chiphaliwali cha pa Bolodi, mphunzitsi wa sayansi, kapena kuti Mwalimu m'kayankhulidwe ka kwathu. Tsiku la katemera litakwana, anamwino ali m'njira, asungwana amene anamva mphekesera yoti wobayidwa sadzabereka anayamba kuponya maso kumunda wa nthochi kuseri kwa mpanda. Ngwazi inadina tabuleti. Zii! Batire inali itathera pa mpira umene amuna tonse tinaonera dzulo lake, tikukalipira woimbira ngati akutimva.

Ngwazi inaguba kulowa mu ofesi ya aphunzitsi, chingwe cha tabuleti chili m'manja ngati mkondo, nkukumana ndi Madamu Tusajigwe, Mfumukazi ya Ketulo, Msungi wa Shuga, amene tiyi wawo sanachedwepo chilengedwere dziko.

"Madamu, zulani ketulo!" inabangula ngwazi. "Moyo wa ana uli pachiswe!"

"Dzulo moyowo unali pati, Mwalimu? Pagolo? Madzi angoyamba kuimba, dikirani."

"Ndikulankhula m'dzina la sayansi!"

"Ine m'dzina la mimba zanu zomwezo. Mukaphonya tiyi mumalira kuposa ana a Fomu Wani."

Amuna tonse tinaima nji kumbuyo kwa ngwazi yathu, kufikira fungo la mandasi litatipeza. Pamenepo, ndi manyazi ndikunena, tinathawira kwa adani mmodzimmodzi. Mkango unatsala wokha. Madamu atatembenuka kufuna supuni, unazula ketulo mwachinyengo, ndipo tabuleti inangoyamwa pang'ono galimoto ya anamwino nkulira pageti.

Asungwana anakusidwira mu holo, kanema nkuyamba. Dokotala wa m'kanemamo anafotokoza za kachilombo momveka bwino, holo yonse ili chete, mpaka anafika pa funso lenilenilo: "Kodi katemerayu amaletsa kubereka? Yankho ndi lakuti..." Mdima bii! Tabuleti inafa.

Ngwazi inaigwedeza, inaiuzira mpweya, inaiomba khofi. Zoona zake, a Mwakalinga ankadalira kanemayo kuti mawu akuti chiberekero asatuluke pakamwa pawo pamaso pa ana aakazi. Asungwana akumbuyo anali atayamba kale kukwera mawindo.

"Tsikani apo, inu!" Anali Madamu Tusajigwe pakhomo, ketulo yozizira ili m'manja. "Mwana wanga Subilaga anabayitsa katemera yemweyu ali msinkhu wanu. Lero ndili ndi chidzukulu chosandigonetsa tulo. Amene akuchifuna ndimubwereke. Koma mkulu wanga, wobadwa naye bere limodzi, nthawi yake kunalibe katemera. Khansa imeneyi inamudya ndikuona, ndipo tinamuika chaka chatha. Sindikufuna kuikanso wina. Pindani malaya!"

Anatsika pamawindo, anafola, anapinda malaya. Palibe anapita kunthochi.

Mtendere unakhazikitsidwa masana omwewo ndi mwambo waukulu: ketulo inabwezeretsedwa pampando wake wachifumu, ndipo mtembo wa tabuleti unasanduka thireyi yoperekera mandasi, ngwazi yomwe ikuzungulira nayo. Itafika kwa Madamu inawerama, mawu ali pansipansi.

"Pepani, Madamu. Za akulu anuwo simunatiuzepo."

Madamu anatola ndasi lalikulu kuposa onse.

"Ndinakuuzani, Mwalimu, muno momwe. Munali pa mpira."