Tsiku Limene Ndinagonetsa Asilikali Anayi Chafufumimba

Nkhani iyi anthu a pa Golomoti amaithira mchere wambiri, ndiye bola ndiinene ndekha, manyazi ake ndisenze ndekha.

Nthawi imeneyo ndinali pa chibwenzi ndi Tiyamike. Achimwene ake, a Fanuwelo, ali ndi babashopu kuseri kwa msika, ndipo pakona anaikapo TV ndi kamakina ka gemu kamene anabwera nako kuchokera ku Joni. A Fanuwelo sankandiwerengera n'komwe. Ankati mlimi wa mpunga wa ku Bwanje chimene amadziwa n'kuopseza mbalame basi.

Loweruka lina ndinapita kukameta. Ndinapeza Tiyamike ali pomwepo, akuthandiza kusesa tsitsi. Magetsi anali atazima, zonse zikuyendera batire.

"Alamu a mawa afika!" anatero a Fanuwelo. "Akuti mukufuna mlongo wanga. Tagwirani ichi tione ngati muli ndi mtima. Mungolowa m'nyumba iyo, muphe zilombo zochokera kumwamba zimene zalanda dziko, basi. Koma batire lisanathe."

Anthu amene ankadikira kumetedwa anatembenuza benchi. Tiyamike anaimika tsache.

Ine gemu ndinali ndisanaigwirepo chibadwire. Koma mtsikana akuyang'ana, ungakane? Ndinalumbira mumtima kuti lero zivute zitani, m'nyumbamo ndilowa.

A Fanuwelo anandisonyeza mabatani: loyendera, lowombera, logwadira. Kenako anandiveka mahedifoni.

"Musaope, muli ndi anzanu anayi. Akuthandizani."

Anzanga? Apa ndinakumbukira zimene ndinamva mu minibasi, kuti magemu a masiku ano umasewera ndi anthu enieni a kunja, kudzera pa intaneti. Nditayang'ana pa TV, ndinawaonadi: asilikali anayi ovala zitsulo thupi lonse, mfuti zikuwala buluu, kumwamba kuli miyezi iwiri. Mmodzi anali mdala wa ndevu zoyera, chipsera kuyambira pamphumi mpaka pachibwano.

M'makutu mwanga munamveka mawu okhuthala: "Let's move, soldier!"

Ndinadziwiratu kuti akulankhula ndi mdala uja, bambo aakulu, mwina opuma usilikali, akhala pampando kwawo ku Ulaya.

"Zikomo bwana, ndamva," ndinayankha.

Pabenchi panamveka kuseka. Ndinati ndi nsanje chabe.

Tinayenda bwinobwino mpaka pakhomo la nyumba ija. Chitseko chachitsulo chinatseguka chokha. Apa ndiye panagona nkhani. Ine mayi anga anandilera ndi mthiko m'manja, ndipo lamulo lawo linali lakuti mwana salowa pakhomo akuluakulu ali panja. Ndinapatuka kuti mdala adutse.

Mdala anaima. Enawo anaimanso. Onse maso ali pa ine.

Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono kuti ndiwapatse mpata. Nawonso anabwerera m'mbuyo.

"Let's move, soldier!"

"Eya bwana, tsogolani!"

"Talowa iwe!" anakuwa wina pabenchi, mutu wake utametedwa mbali imodzi.

"Ndilowe bwanji akuluakulu asanalowe? Kwanu sanakulangeni?"

Kabokosi ka batire kanayamba kulira, tswii, tswii. Thukuta linali kamukamu, malaya atamatirira kumsana. Ndinaopa kwambiri kuti Tiyamike andiona ngati wamantha, koma kuti andione wamwano ndiye sindikanalola. Ndinaganiza kuti mdalayu akundiyesa khalidwe, monga amachitira akuluakulu. Chabwino, ndimuonetsa kuti ndinachokera pakhomo pa anthu. Ndinadina batani logwadira.

Msilikali wanga anagwada.

Mdala nayenso anagwada! Anzake atatu aja, khu, maondo pansi!

Mayo ine! Munthu wa imvi kugwadira ine? Kwathu amenewo ndi malodza. Ndinati sizitheka, pa ulemu pokha mzungu sangandipose. Ndinakanikiza batani lija mwamphamvu, msilikali wanga n'kugona chafufumimba.

Mdala anagona. Onse anagona.

"Let's move, soldier!" anatero ali chigonere.

"Bwana, dzukani chonde, mukundichimwitsa!"

Nthawi yomweyo m'nyumba muja munatuluka chilombo chonga nkhanu, koma chachikulu ngati ngolo. Ine batani lowombera ndinaliiwala kumene lili. Asilikali aja, osadzuka n'komwe, anangoti phaphapha, chilombo n'kugwa. Atatha anatembenuka n'kuyambanso kundiyang'ana.

"Mwaona?" ndinauza a pabenchi. "Anthuwa ntchito akuidziwa. Ine ndine ndani kuti ndiwatsogolere?"

Kabokosi kanalira komaliza. TV inangoti thi! Kuzima. Tonse asanu tinatsala chigonere pakhomo, ine osawombera ngakhale chipolopolo chimodzi.

A Fanuwelo anali atatsamira khoma, misozi ikuyenderera ndi kuseka.

"Alamu, amenewa si anthu! Ndi kompyuta! Anawapanga kuti azitsatira inuyo. Mukaima, aima. Mukagwada, agwada. Mtsogoleri munali inu!"

"Nanga ndevu zija?"

"Zojambula!"

"Nanga mawu aja?"

"Angakuuzeni zomwezo mpaka Khirisimasi!"

Ndinavula mahedifoni pang'onopang'ono n'kuyang'ana Tiyamike. Onse ankaseka, koma iye ayi, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiwawa kwambiri. Anatsamira tsache lake, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Tsopano ndamvetsa," anatero. "Mpunga mwakolola, wina mwadzala, ine ndikungodikira kuti mutumize anthu kwa amalume. Kani mwagona pakhomo, mukudikira kuti amalumewo atsogole?"

Babashopu yonse inaphulika. Ine ndinatuluka tsitsi lili momwemo, ndinakwera njinga, osaima pena paliponse mpaka ku Mtakataka kwa amalume anga, kukawauza kuti achape jekete.

Ulemu ndi wabwino abale, koma nonse mukagwada pakhomo, m'nyumba simulowa munthu.