Kumupezera Esinati ana asukulu

Lolemba

Lembani bwino, mlamu, ine cholembera sindichidziwa. Esinati wabwera, mwana wanga wophunzitsa ku yunivesite uja. Pakati pa teremu! Wadzitsekera kuchipinda, akulankhula ndi laputopu. Ndasuzumira, mulibe munthu, matumba a kachewere basi. Akuti akujambula maphunziro kuti ana aonere okha kwawo, m'kalasi akangogwira ntchito m'magulu, iye n'kumazungulira. Akuti amawaphunzitsa kuyendetsa ntchito yopanga mapulogalamu a pakompyuta kuti izitha pa nthawi yake. Sindinatolepo kanthu. Mphunzitsi wopanda ana? Amuchotsa ntchito ameneyu, akungochita manyazi. Malemu bambo ake atawachotsa ku migodi ya ku Joni anatha mwezi akunena kuti ali pa holide. Ana ndimupezera ndine.

Lachiwiri

Ndapeza:
amayi anayi a kutchalitchi kwathu
Najere ndi khanda lake
aPhiri, samva koma amagwedeza mutu
inuyo mlamu, musakane

Afunsa ngati kukhale zakumwa. Ndati mwina.

Lachitatu

Talowa ndi mphasa iye ali pakati polankhula. Pemphero, kenako kolasi. Esinati wagwira mutu. Akuti mafilimu asanu akufunika pofika Lachisanu, apo ayi Lolemba ana akalowa m'kalasi m'mutu mulibe kanthu, abwana ake akamufunsa. Ndiye abwana akadalipo? Kapena akundinamiza?

Poti tinali titakhala kale, watifunsa ntchito imene tinaiyamba osaimaliza. Onse pamodzi: khitchini ya kutchalitchi. Chaka chachitatu chino ilibe denga. Wafunsa kuti anagawa ntchito ndani, ndipo tinapangana kumaliza liti. Mkangano wabuka. Najere akuti wapampando anasintha malo a chitseko katatu, mpaka mmisiri anatopa. Wapampandoyo ndine. Laputopu ili chiyang'anire.

Lachinayi

Esinati akuti lero tisabwere, tionere filimu kunyumba, mawa tidzakambirane. Sukulu yoti usapiteko? Foni yaikulu ali nayo ndi Najere yekha, ndipo sakundilankhula. Awiri abwerabe, kudzafunsa za zakumwa zija. Ndawapatsa thobwa, amwa, apita.

Lachisanu

Amene aonera filimu: aPhiri okha, pa foni ya Najere. Akuti zithunzi zinali zabwino.

Esinati wathawira ku Kandeu kukajambulira m'galimoto mwake. Mafilimu akwana anayi. Yachisanu watipempha kuti atumize mkangano wathu uja umene laputopu inajambula, akuti ndi chitsanzo choposa za m'mabuku. Amayi onse avomera msangamsanga. Inenso ndavomera, ndimayesa akundiyamikira.

Loweruka

Foni yake ikungolira. Ana alipodi! Aonera kale. Wandiwerengera zimene alemba. Wina akuti, "Agogo a duku lofiirawo asamasinthe pulani mmisiri atayamba kale." Wina akufunsa ngati komiti inakumanapo n'komwe. Inakumana, koma ine ndinali kumaliro ku Manjawira, ndiye zimene anagwirizana ndinazikana nditabwera. Chitseko chinkayang'ana kuchimbudzi, nanga ndikanatani? Zimenezo lembani zazikulu.

Lamulungu

Esinati wapita m'mawa, nkhope ili mwee. Akuti mawa kalasi yonse ikambirana za ine maola awiri. Ndamufunsa kuti nanga iweyo ukaphunzitsa chiyani? Akuti azikangomvetsera. Ntchito yakeyo sindikuimvabe, koma ilipo, mtima wakhala pansi.

Titaweruka kutchalitchi amayi akhala pansi pa mtengo osandiitana. Wapampando watsopano ndi Najere. Ine akuti ndizitunga madzi a mmisiri. Nanunso munakweza mkono, mlamu, ndinakuonani pawindo. Palibe kanthu, lembani. Mawa mundibwereke ndowa yanu, yanga ikudontha.