Njuchi za M'masipika Anu ndi Phazi la Alamu Anga

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Mawu Angwiro.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, chipewa chili m'manja, kuti ndithokoze chifukwa cha masipika amene munatipangira. Ine ndine munthu wamba, wosoka nsapato, ndipo chisangalalo changa ndi gemu ya pa kompyuta. Lamlungu lililonse ndimasewera gemu ya nkhondo ndi achimwene anga amene anapita kutali kukagwira ntchito. Pa foni achimwenewo ndi ouma pakamwa, amangopereka moni n'kudula. Koma mu gemu, eee, timacheza ndi kuseka ngati tidakali ana.

Choyamba, zikomo chifukwa cha njuchi. Pa katoni munalemba za mawu oyera, koma mwa kudzichepetsa kwanu simunatchule kuti mwaikamonso mng'oma waulere. Ndikangoyatsa, nziiii! Ndikasuntha mawusi ya kompyuta, njuchi zimakwiya. Gemu ikafika pothina, zimaitana ndi zinzake zomwe.

Chachiwiri, masipika anu ndi aneneri. Foni isanalire, iwo amayamba kale tatata-tatata, moti apongozi akamaimba amandipeza nditakonza kale kukhosi. Furiji ikayaka kukhitchini amandiuzanso. Chokhacho chimene sandiuza ndi mapazi a mdani akamandizembera kumbuyo. Ndimangozindikira ndafa, achimwene atsala okha pankhondo.

Chachitatu, mwandiphunzitsa ntchito yamanja. Ndasintha soketi. Ndalekanitsa waya wa magetsi ndi wa mawu ngati ana okonda ndewu. Wina ndinaukulunga ndi pepala lonyezimira lija la kukhitchini, mpaka mayi a kunyumba anafunsa ngati kompyutayo ndikufuna kuiwotcha. Nditaimbira ofesi yanu, mtsikana waulemu anandilangiza kuti nditsitse voliyumu. Nzeru zakuya zedi! Njuchi zinatheratu, pamodzi ndi mawu a achimwene omwe.

Mankhwala anapezeka mwangozi. Alamu anga, mlongo wa akazi anga, anatsamira bokosi la kompyuta asanavale nsapato, dzanja pachitsulo, phazi pasimenti. Zii! Atachotsa dzanja, njuchi zinabwerera. Kuyambira pamenepo alamu ndiwo waya wathu wopita m'nthaka. Amaima pomwepo mpaka gemu ithe, ndipo akafuna kudzikanda amayamba apempha. Tiyi timachita kuwamwetsa.

Tsono Bwana, zinthu zavuta. Alamu apeza banja, akusamuka Loweruka likubwerali. Ndawauza kuti ukwati sathamangira, koma angondiseka. Mayi a kunyumba akana kwamtuwagalu kulowa m'malo mwa mlongo wawo, akuti iwo sanakwatiwe kudzagwira zitsulo. Achimwene nawo anena kuti ndikafanso chifukwa cha ugonthi, atenga mnzawo wa kuntchito. Apa pokha ndiye sindikuseka, mtima ukundipweteka. Akandichotsa mu gemumo, ine ndi achimwene tibwerera ku kamoni ka pa foni kaja.

Choncho pempho langa ndi laling'ono. Musavutike n'kukonza masipika, ndikudziwa kuti ndinu otanganidwa ndi kulemba mawu okoma pa makatoni. Ingobwerani nokha Lamlungu masana. Pasimenti ndakolopa kale, ndipo malo a alamu ndawajambula ndi choko kuti musasochere. Nsapato mudzavulire pakhomo. Pamene inu mukugwira chitsulo, anyamata amene ndikuwaphunzitsa ntchito adzazisoka ndi kuzipukuta, chifukwa kwathu kuno chinthu chikatuluka m'manja mwathu chimagwira ntchito.

Ine wanu wogontha koma waulemu,
Wosoka Nsapato wa Pakona.