Tsiku Limene Ndinasinza Thadzi Lili M'manja

Mpaka lero ndikadutsa ku Kawale pali amayi ena amene amandilozerana ndi milomo. Sindiwaimba mlandu. Nkhaniyo ndinawapatsa ndekha, ine amene ndatha zaka zambiri ndikulemba nkhani za ena.

Tiyambe ndi mfundo, monga tinkachitira ku nyuzipepala. Pansi pa ubongo pali kachigawo kolumikiza ubongowo ndi msana. Tikatchule kuti tsinde la ubongo. Kumeneko ndi kumene kumachokera lamulo lakuti munthu agone kapena akhale maso, ndipo tulo tikafika, minofu imalefuka. Munthu akamakula tulo take timapepuka n'kumadukaduka: usiku kugona pang'ono, masana kusinza. Zonsezi ndinaziwerenga nditayamba kumadzuka 3 koloko m'mawa popanda chifukwa, ndipo ndinazifotokozera aliyense wa ku Area 25 amene analakwitsa n'kundifunsa kuti ndadzuka bwanji.

Chimene sindinavomere n'chakuti zosinzazo zikundikhudzanso ine. "Kusinza n'kwa nkhalamba," ndinkatero. (Ndili ndi zaka 61.)

Tsono Tadala, mwana wa mlongo wanga, anapeza mwamuna wa ku Ntcheu, ndipo chinkhoswe chinali Loweruka kunyumba kwa mayi ake ku Kawale. Ine monga malume ndinali nkhoswe ya kuchikazi. Ntchito yanga yaikulu inali imodzi: kupereka thadzi kwa a Ngozo, nkhoswe ya kuchimuna, iwo n'kundipatsa tambala. Nkhukuzo zikapanda kusinthidwa, ndiye kuti mabanja awiriwo sanamange kanthu.

Mayi a kunyumba anandichenjeza m'mawa. "Bambo a Chisomo, leronso mwadzuka 3 koloko. Gonaniko pang'ono tisananyamuke."

"Ine ndachezerapo kangati kuntchito nyuzi isanatuluke?" ndinawayankha. "Ndiye thadzi lindivute?"

Cholakwa choyamba: ndinadya mpunga mbale ziwiri mwambo usanayambe. Chachiwiri: wojambula zithunzi ananena kuti chingwe chomangira miyendo ya thadzi chikuipitsa chithunzi, ine n'kuchimasula. Chachitatu si changa. Anandikhazika pa sofa, m'tenti yotentha, 2 koloko masana, kenako a Ngozo anapatsidwa maikolofoni kuti ayankhule "mwachidule".

Anayambira pa agogo awo. Ndikukumbuka bwino kuti anafika mpaka pamene banja lawo linkakweza katundu wopita ku Lilongwe. Thadzi linali pamiyendo panga, lofunda bwino ngati khanda, mtima wake ukugunda m'manja mwanga. Ndinati nditseke maso kuti ndimvetsere bwino.

Tsinde la ubongo linagwira ntchito yake ndendende monga ndinawerengera. Mutu unagwa, zala zinamasuka.

Ndinadzidzimuka ndi kukuwa kwa anthu. Thadzi linali patebulo la mphatso, litagwetsa kale lichero ndi makapu atatu. Lisanagwidwe, linadumpha mpanda wa malata n'kugwera kwa oyandikana nawo nyumba. Ndipo akuti (izi ndinamva pambuyo pake kwa mboni zinayi zimene sizigwirizana pa china chilichonse) nditangotsegula maso ndinawomba m'manja n'kunena kuti "Ameni".

Azakhali a mwamuna, mayi wamtali wa duku lofiira, anaimirira. "Nkhuku yathawa? Ndiye mkaziyo adzakhazikika pabanja?"

Tadala anandiyang'ana, misozi ili lengelenge. "Amalume, chonde."

Ndinazungulira mpanda uja ndi suti yanga. Kuseriko ndinapeza nkhuku zachikuda zisanu ndi ziwiri, zinayi mwa izo zofiirira ngati yathu, komanso mwini nyumba, mayi amene ankachapa zovala.

"Zikomo amayi, nkhuku yathu yalowa kuno."

"Yanu ndi iti, abambo? Ine zonsezi ndikuziona ngati zanga."

Apa ndiye utolankhani unandithandiza. Pomasula chingwe chija ndinali nditaona kuti chala chapakati cha mwendo wakumanzere chinalibe chikhadabo. Ndinanena zimenezo momveka bwino. Mayiyo anaseka mpaka kutsamira pabeseni.

"Ndiye ziyang'aneni zalazo, bwana. Ine ndizionerera."

Chimene sindinaganizire n'chakuti kuti uone zala za nkhuku uyenera kuigwira kaye. Yathu inali yachitatu kugwidwa. Pofika pamenepo thalauza linali litang'ambika pabondo, ndipo amayi a nyumba zapafupi anali atadzaza pakhomo, ena akundilangiza mbali yothamangira. "Kumanzere, madala! Yalowa kubafa!"

Ndinabwerera kutenti thadzi lili kukhwapa, nthenga zili patayi. A Ngozo analilandira ndi manja awiri, n'kulipenda, kenako anatembenukira kwa azakhali aja.

"Mwaona, achemwali? Mkaziyu akadzangoti achoke, akwawo adzamuthamangira mpaka kumubweza. Malume wotereyu sapezekapezeka."

Anthu anaseka, amayi anaimba nthungululu, Tadala anapukuta misozi. Azakhali anakhala pansi. Pondipatsa tambala (womangidwa miyendo, mfundo ziwiri), a Ngozo anandinong'oneza: "Inenso ndimadzuka 3 koloko, achimwene. N'chifukwa chake pamwambo ndimakonda kuyankhula choimirira."

Banja la Tadala lilipo, likuyenda bwino. Ine ndimadzukabe 3 koloko, ndipo sindisinza ayi, ndimangopumitsa maso. Koma mwezi wathawu, pokonzekera chinkhoswe cha mng'ono wake wa Tadala, ndinamva mayi a kunyumba akuuza mlongo wanga pafoni za chimene ine ndidzanyamule pamwambowo:

"Nkhuku ayi. Nkhwangwanso ayi, angadzidule phazi. Apatseni lichero."