A Faustino ndi Maparafuzo Odyeka Mitu

A Faustino, amene ankakonza mota, njinga zamoto zija, kuseri kwa msika wa ku Ulongwe, sankakhudza parafuzo, msomali wopotoza uja, akadyeka mutu, asanamve amene wamuvulaza. Kaya muwagwadire, kaya mulire, iwo ankangopinda manja n'kunena kuti, "Parafuzo sadzidya yekha mutu. Wolakwa aulule, ndiye tigwire ntchito."

Pa 9 Junyo 1969, a Mateus ogulitsa mbatata anabwera akukankha mota yawo, parafuzo wake atadyeka mutu, thukuta lili kamukamu.

"Ndinaigula ili chomwechi, amisiri," anatero.

A Faustino anatenga nzimbe n'kuyamba kusenda. Anatha yoyamba, anatha yachiwiri. Ali pakati pa yachitatu, a Mateus anang'ung'udza kuti, "Chabwino, ndinayesa ndi nsonga ya chikwanje."

"Chikwanje! Kodi munkalima m'menemo?"

Koma nkhani imene sitiiwala ndi ya Lachisanu, pa 13 Agosito 1971. Mawa lake Cecília, mwana wamkazi mmodzi yekha wa a Faustino, ankamanga ukwati kutchalitchi chakutali cha kumbali ya Domwe, ndipo wodalitsa anali a Padiri António. Masana a tsikulo a Padiri anatulukira wapansi, mota ikutsatira pangolo. Karburadori, yomwe imamwetsa injini petulo, inali itatsekeka ndi fumbi, ndipo mwa maparafuzo anayi a pansi pake, awiri anali osalala mitu ngati nandolo.

"Wawavulaza ndani?" anafunsa a Faustino.

"Msewu, mwana wanga. Msewu wathu ndi woipa."

"Msewu ulibe manja, a Padiri."

A Faustino ankadziwa kuti popanda mota a Padiri safika, ndipo mowa waukwati wofulula kale ukasasa, akuchimuna akabwerera akunyoza. Koma akangolekerera wansembe, a Mateus adzawayang'ana bwanji? Anakhala pansi n'kutenga nzimbe.

Akazi awo, a Inácia, anabwera chothamanga, ufa uli m'manja. "Bambo a Cecília, mwapenga? Mukuimba mlandu munthu wa Mulungu, mwana wanu akukwatiwa mawa?"

"Iwowa amandifunsa machimo anga mwezi uliwonse, ndipo sindinanamizirepo msewu."

Anthu a pamsika anaunjikana. A Padiri anafiira mpaka m'makutu, anayang'ana kumwamba, kenako anavula chipewa.

"Ndinayesa ndi mpeni wodulira buledi."

"Kangati?"

"Kawiri... Katatu."

"Musadzachitenso," anatero a Faustino ndi mawu ofatsa, ndipo msika wonse unagwa ndi phwete.

Apo ndiye tinaona ntchito. Anadonthezera mafuta a nyale pa maparafuzo aja n'kudikira alowerere. Anatenga kachidutswa ka serote, kaja kochekera zitsulo, n'kulemba mzera watsopano pamutu uliwonse, pang'onopang'ono ngati akutema mphini. Anakhazika shavi yomasulira mumzeramo, anaigogoda katatu ndi nyundo, anakanikiza ndi chifuwa chonse, napotoza. Woyamba anati tswii, watuluka. Wachiwiri anakana. A Faustino anawerama n'kumunong'oneza kuti, "Iwe, wapepesa kale munthuyu. Usandichititse manyazi pa ukwati wa mwana wanga." Anagogodanso kamodzi, ndipo anatuluka.

Loweruka, pa 14 Agosito, a Padiri anafika kutchalitchi belu lisanalire, a Faustino ali kumbuyo kwawo pa mota, atakumbatira nyundo.

A Faustino anatisiya Lolemba, pa 3 Marso 1975, kutatsala miyezi yosakwana inayi kuti mbendera ya atsamunda itsike. A Padiri anakana kuti bokosi la malemuwo likhomedwe ndi misomali, nabweretsa maparafuzo asanu ndi atatu a mkuwa. Kalipentala, pomanga, anadya mutu wa womaliza. Kenako a Padiri anafunsa kuti, "Wamuvulaza ndani?"

"Ndine, a Padiri," anayankha msanga kalipentala uja.

A Inácia anaseka misozi ili mbwembwembwe, ndipo tonse tinawatsatira.

Lero kuseri kwa msika kuli amisiri ambiri. Parafuzo akavuta amamuboola n'kumutaya, osafunsa kanthu. Ntchito ikuyenda msanga, sindikana. Koma chichokereni a Faustino, ku Ulongwe kuno zonse zimene zawonongeka anawononga ndi msewu.