Kuthawa Mbale

Lolemba

Tanyamuka. Mtima ukugunda ngati ndaba nkhuku.

Nkhani ili chonchi. Loweruka a kwa ba Lameki akubwera ndi mbale kwathu ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue. Mbale ziwiri zovundikirana, zomanga m'chitenje, m'kati muli kandalama. Adzandiitana pakati pa anthu. Ndikatola ndalamayo n'kupereka kwa ba Anti, ndiye kuti ndavomera ukwati.

Ine sindikufuna. Ba Lameki si munthu woipa. Amagwira ntchito ku fakitale ya feteleza, mowa samwa. Koma amafunsa funso n'kudziyankha okha. Chiyambireni kubwera kwathu ndawauza mawu amodzi okha, akuti "bwino". Iwo akuti n'chimene anandikondera.

Kukana ndi pakamwa sindingathe. Ndikati ndilankhule, maso amatsikira pansi okha, ndipo kuno mtsikana akayang'ana pansi amati wavomera. Kusiya ndalamayo m'mbale ba Anti akundiyang'ana sindingathenso. Ndi iwo anandilera amayi atamwalira.

Ndiye nzeru yanga ndi yakuti ndisapezeke. Ba Anti amanena okha kuti banja laulemu silibwera ndi mbale kawiri. Achinyamata a kutchalitchi akupita ku mapiri a kutsidya kwa mtsinje, kuyenda, kupemphera, kugona kuthengo, kubwera Lamulungu. Ndalowa nawo. Pondiperekeza pachipata ba Anti ati, "Mubwela pa Chisanu, si so?" Ndayang'ana pansi. Sindinaname.

Ndanyamula chitenje, bulangeti, mapatapata, chigubu cha madzi, Baibulo ndi kope ili lotsala ku giredi seveni.

Mnzanga Tisa wanyamula sutikesi ya matayala. Ba Mabvuto, mtsogoleri wa achinyamata, anyamula sipika ndi batire ya galimoto. Tenti ndi ya kutchalitchi, yobiriwira ija timakhoma pamaliro. Zitsulo zake anyamata akulandirana n'kumatukwana chapansipansi.

Minibasi yatisiya patsogolo pa mlatho, pamene msewu wayamba kukwera. Wotilondolera njira ndi ba Hamoonga, bambo wofula njuchi m'mapiri amenewa. Ayang'ana sutikesi, ayang'ana batire, sananene kanthu. Ndawakonda.

Tayenda mpaka dzuwa kupendeka. Takhoma tenti pafupi ndi nyumba zomalizira. Taimba, koma chifukwa cha kutopa nyimbo zonse zatuluka mozizira.

Lachiwiri

Tsoka layamba dzuwa lisanatenthe.

Ba Hamoonga alawira kukaona ngati chitsime cha kutsogolo chili ndi madzi. Ife tikupinda mabulangeti, tangomva kulira kukuchokera kumusi. Amayi ali pamzere, zitenje kumutu. Abambo pambuyo, ena anyamula timipando. Dzulo anaona tenti yobiriwira, anamva nyimbo zozizira, ndiye abwera kumaliro.

Akulankhula Chitonga, ife palibe amene amachimva bwino. Ine ndinali pakona, pansi, chitenje kumutu chifukwa cha mphepo, maso pansi monga mwa masiku onse. Onse alunjika kwa ine. Mayi wina wandikumbatira n'kundifunsa kanthu. Ndayang'ana pansi. Walira mokweza. Inenso ndalira, ndipo kulira kwanga kunali koona.

Tisa akundigunda ndi chigongono: "Iwe, kamba chabe kuti palibe wafa." Bwanji osanena yekha?

Pamene ba Hamoonga afika n'kumasulira, anthu anali atadzaza mpaka kunja. Aseka kwambiri, koma sanachoke. Munthu amene wadumpha phiri kudzakulira sum'bweza ndi njala. Taphika. Zatha: kapenta yense, masoya, shuga, mafuta, ndi theka la ufa.

Potsanzika apempha kuti tiwasiyire tenti. Akuti pamudzi pawo pali mdala amene sali bwino, ingathe kufunika. Mdalayo anali pomwepo, akunyambita zala. Anyamata avomera ba Mabvuto asanatsegule pakamwa.

Lero sitinayende kwenikweni. Ufa ukatha tibwerera msanga. Madzulo ndadya pang'ono dala.

Lachitatu

Kukwera kokhakokha. Miyala, minga, kutentha, ndi tintchentche tating'ono tolowa m'maso. Tayala la sutikesi lathyoka, Tisa akuisenza pamutu n'kumalankhula ndi Mulungu mwaukali. Ena abwerera chifukwa cha matuza. Munthu aliyense akatembenuka, m'mimba mwanga mumazizira poopa kuti tonse tibwerera.

Chitsime chatsala matope. Tasefa ndi chitenje changa. Madzi akukoma chitenje.

Batire yatha masana, sipika yakhala chete. Ba Mabvuto akuinyamulabe ngati mwana wodwala.

Ine ndikuyenda kumbuyo kwa ba Hamoonga. Iwo salankhula, inenso sindilankhula, ndipo palibe wofunsa mnzake kuti chavuta n'chiyani. Pena atola masuku n'kundipatsira m'manja osatembenuka. Sindinadziwe kuti padziko pali malo otere.

Pamwamba taona Kafue yense. Mtsinje ngati ulusi, fakitale ngati timabokosi ta machesi, Nangongwe sakuoneka n'komwe. Ndakhala pamwala mpaka matako kuzizira. Bwenzi nditamanga kanyumba pompano.

Koma pamwala womwewo pali netiweki. Foni ya Tisa yalira. Ba Anti: "Umuuze asapse na zuba, pa Chibelu kuli alendo." Chibelu ndiye Loweruka lija. Kenaka uthenga wa mawu wochokera kwa ba Lameki. Tisa wautsegula pamaso pa onse. "Muli shani kuphili uko? Muli bwino, nidziwa. Mwaniyewa? Mwaniyewa, nidziwa." Ati ndawasowa, adziyankha okha. Alankhula mpaka foni yazima yokha.

Atsikana akundiseka. Tagona pansi pa thanthwe lalikulu lonunkha mileme.

Lachinayi

Lero ndadzipha ndekha.

Ba Mabvuto alamula kusala kudya mpaka madzulo, poti ufa wachepa. Taunjika katundu pansi pa mtengo n'kuima mozungulira. Ba Hamoonga apita kukafuna uchi. Onse atseka maso, aliyense akufuula pemphero lake. Ine sindifuula. Ndimapemphera mumtima, maso otsegula pang'ono.

Ndiye ndawaona. Anyani akutsika pathanthwe mwaulemu, wamkulu patsogolo. Wafika pa thumba la ufa, wandiyang'ana. Ndayang'ana pansi.

Ndinafuna kukuwa, Mulungu ndi mboni. Koma ungadule bwanji pemphero la anthu? Ndakoka Tisa chitenje. Iye wati "Ameni" n'kuwonjeza mawu. Ndakokanso. Wandigwira dzanja n'kuyamba kundipempherera za banja.

Apita nazo: ufa, mchere, mtedza wa ba Mabvuto umene amabisa m'chikwama cha sipika, ndi nsapato imodzi ya Tisa ya Lamulungu.

Msonkhano. Ba Mabvuto akuti Ambuye atiyankha msanga, palibe chifukwa chodikira Lamulungu, mawa titsike. "Alipo amene akana?" Ndakweza chala mpaka pachifuwa. Kantchentche kandilowa m'diso, ndawerama kuti ndikachotse. "Tonse tavomela. Alemekezeke."

Mgonero: uchi pang'ono pachala ndi masuku. Njala sikundipweteka. Chikundipweteka ndi Loweruka.

Lachisanu

Nzeru yatsopano: kutsimphina. Ndikachedwetsa anthu tsiku limodzi lokha, mbale zifika, zindisowa, zibwerera.

M'mawa zayenda bwino. Ndikukoka mwendo, tikupuma pamtengo uliwonse. Masana ba Hamoonga andiyandikira n'kunena motsitsa, "Kuseni, ponyamuka, munali kukoka mwendo winawo." Basi. Sanauze munthu.

Koma anyamata njala yawakwiyitsa. Adula mitengo iwiri, amangapo bulangeti langa, andigoneka pamenepo. Chiyambire Lolemba sitinathamange chonchi. Akutsika phiri akuimba, ine ndikuyang'ana kumwamba ngati mtembo umene anthu aja anausowa. Ndanong'ona kuti ndapeza bwino. Tisa wati, "Osamumvela, ni wamanyazi uyu."

Ba Hamoonga atitsitsira njira yachidule yofika pa kamsewu ka owotcha makala. Akuti magalimoto amabwera kudzatenga matumba, koma mvula ikagwa safika. Atisiya pamenepo, kwawo ndi kuseri kwa phiri. Ndinafuna kuwathokoza. Ndangowagwadira.

Madzulo mvula yagwa, yoyamba chaka chino. Tabisala m'kachisakasa ka makala, tonse tada bii. Anzanga akupempherera galimoto. Ine ndikupempherera matope. Tione amene amvedwe.

Loweruka

Amvedwa ndi iwo.

M'mawa yafika Kanta yoyera, ikuterereka koma ikubwera ndithu. Woyendetsa ndi bambo wonenepa, wavala ovolosi, m'kati mukuoneka tayi. Akuti ndi ba Daka. Apakira makala msangamsanga chifukwa masana ali ndi ntchito yaulemu. Avomera kutitenga. Onse pamwamba pa matumba, koma wodwala mwendo akhale kutsogolo. Wodwala mwendo ndine.

Pampando pali kamtolo ka chitenje chatsopano. Ba Daka ati, "Mwana wanga, nigwililile pamendo, njila ni yoipa. Usagwetse." Ndakakhazika pamiyendo. Mwalira ngwe. Mbale!

Nkhope yanga ndi makala okhaokha, ndipo sanandionepo. Akucheza okha: "Nine shibukombe lelo, wopeleka mbale za cikwati. Mufana wanga Lameki apeza mukazi ku Nangongwe. Ati ni mwana wa zii, ungamuike pakona monga mupando." Ndayang'ana pansi.

Ndaganiza zotsegula chitseko n'kudumpha. Ndaganiza zoponya mbale mumtsinje tili pamlatho. Koma ndi katundu wa mwini, ndipo anandiuza kuti ndisagwetse. Ndazigwira bwinobwino.

Polowa m'Nangongwe Tisa akumenya denga: apa kumanzere, apa kumanja, tiyambe tatula wodwala. Pakona ya kwathu pali dzenje lija lodzaza madzi. Galimoto yagwamo, mfundo yamasuka, mbale yapamwamba yasendera, kandalama kagwera pa phazi langa. Ndatola. Ndani sangatole? Kubwezera sindinathe, dzanja lina lili pa mbale, galimoto ikudumphabe.

Taima. Pabwalo pasesedwa, pali mipando yobwereka, amayi a mumpingo ali pa mapoto. Ba Daka ayang'ana nyumba, ayang'ana ine, avula chipewa pang'onopang'ono.

Ndatsika, mbale kumanzere, ndalama kumanja. Ba Anti ali pachipata, atambasula dzanja, mwina amafuna kundithandiza kutsika. Ine chinthu chikakhala m'manja ndipo wamkulu watambasula dzanja, thupi limadziwa lokha chochita. Ndagwada. Ndapereka.

Nthungululu zamveka mpaka kumsika.

Mayi wina akuti chibadwire sanaone mtsikana wochita kukadzitengera yekha mbale kunjira. Ba Daka akuti mwambo wadumphidwa pang'ono, koma mtima wa mwana waoneka. Ba Anti alira n'kundisambitsa okha ngati khanda. Kutsimphina ndinaiwala, palibe wazindikira.

Lamulungu

Mapazi atupa, tsopano zenizeni.

Kutchalitchi ba Mabvuto apereka umboni. Akuti tinazunzika m'chipululu, zilombo zinatidyera chakudya, koma mlongo wathu anakwera phiri ali yekha n'kutsika ndi banja m'manja. Andiimiritsa. Anthu aomba m'manja. Atsikana ambiri akufuna ulendo wotsatira. Akulu a mpingo akufunsa za tenti.

Masana abwera ba Lameki ndi buledi. "Kunali bwanji kuphili? Kunali bwino, naona. Munaopa? Simunaope." Funso lachiwirili ayankha zoona. Kumeneko sindinaope.

M'chitenje changa ndapeza suku limodzi lophwanyika. Ndalidya kuseri kwa nyumba, ndikuyang'ana kumapiri. Lero sakuoneka, kuli mitambo.

Ba Anti akuti ukwati ndi mvula ikatha. Patsala zokambirana za akuluakulu, patsala alangizi. Ndiye kuti ndili ndi dzinja lonse loti ndiphunzire liwu limodzi. Ndayamba lero lomwe. Ndagwira nkhuku yathu yoyera, ndaiyang'ana m'maso, ndati, "Iyayi."

Latuluka, koma laling'ono. Nkhuku yayang'ana pansi.