A Musadule ndi Kompyuta Yawo Yatsopano

Mumsewu monse muja munalibe munthu wosadziwa kuti a Musadule ankadana ndi kudula. Ntchito yawo inali yojambula ndi kukonza makanema a maukwati, ndipo aliyense amadziwa kuti mwini ntchito imeneyi amachotsa zosafunika n'kulumikiza zokoma. Koma iwo ayi. Abusa akayetsemula, kuyetsemulako kunkalowa m'kanema. Galu akadutsa kutsogolo kwa akwati, ankaoneka yense, kuyambira mphuno mpaka mchira. Ukwati wa maola anayi unkatuluka kanema wa maola asanu, ndipo mpaka lero palibe amadziwa kumene ola linalo linkachokera. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Ngakhale akazi awo, akakwiya, ankawaitana lomweli.

Amene anatopa nalo kwambiri khalidweli anali mlamu wawo, wokonza makompyuta, yemwe kashopu kake kanali khomo lachitatu kuchokera pa situdiyo. A Musadule anakwatira mchemwali wake, ndipo chikwatirireni anamusandutsa dokotala wa pabanja, koma wodwala wake anali mmodzi yekha: kompyuta yakalekale, yotuwa, yomwe ikayatsidwa inkalira ngati chigayo. A Musadule akaiuza kuti itulutse kanema, ankapita kukameta, kukadya, kukacheza kwa telala, pobwera n'kuipeza ili pa theka.

Tsiku lina m'mawa analowa m'shopu mwa mlamu wawo ali wefuwefu.

"Alamu, thamangani! Wodwala uja wakomoka."

Mlamuyo anapita, anatsegula, ananunkhiza, anapukusa mutu.

"Apa palibe zokomoka. Yafa iyi."

"Tayesani kuipemerera mpweya."

"Alamu, m'kati mwapsa. Zaka khumi ndi ziwiri osaipumitsa! Akanakhala bulu akanakusumirani."

Nkhani inali yovuta ndithu. Maukwati atatu ankadikira makanema awo, ndipo banja lina linali litabereka kale mwana kanema wa ukwati wawo asanatuluke. Anthu anali atayamba kunong'onezana kuti bola kupita kwa ojambula ena. Choncho Loweruka lotsatira anapita atatu kukagula kompyuta yatsopano: a Musadule, akazi awo, ndi mlamuyo monga woyendetsa galimoto komanso womasulira. A Musadule anavala jekete lawo la kumaukwati.

Mayi wogulitsa anawalandira bwino n'kuyamba kuwafotokozera mphamvu za makina ake. Iwo anangomvetsera pang'ono, kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa sokosi. M'sokosimo munali hadi disiki, kachipangizo kosungiramo makanema.

"Mayi, mawu ndamva. Koma ine sindigula nsapato ndisanaiyese. Muno muli ukwati wa maola asanu ndi awiri. Imene inyamule umenewu, ndiye tipita nayo."

Kompyuta yoyamba inauyendetsa moduladula.

"Iyi ili ndi chibwibwi," anatero.

Yachiwiri inayenda bwino, koma ataika dzanja pamwamba pake anachotsa msanga.

"Iyi ili ndi malungo."

Yachitatu inauyendetsa myaa, osatsokomola n'komwe. Mlamuyo anapuma, poganiza kuti zatha. Kumeneko kunali kuwaiwala alamu ake. A Musadule anakoka mpando, anakhala, anayamba kuonera ukwatiwo ngati sanauonepo. Ogula ena anaima kumbuyo kwawo. Posakhalitsa anayamba kuwafotokozera kuti uyo wa chipewa ndi ndani, ndi chifukwa chake azakhali a mkwati sankaseka. Mlonda anasiya pakhomo n'kubwera kudzaonera nawo. Dzuwa litapendeka mayi wogulitsa uja analephera kupirira.

"Bambo, mugula, kapena tikulembeni ntchito?"

Anagula. Pobwerera kompyutayo inakhala mpando wakutsogolo, itamangidwa lamba, ndipo akazi awo anakhala kumbuyo atafungata sikirini.

"Zaka makumi atatu m'banja," anadandaula mayiwo, "lero ndalandidwa mpando ndi bokosi."

"Mayi, inu muli ndi manja ogwirira. Iyi ilibe."

Mlungu woyamba unali wa mtendere. Kanema yemwe kale ankatenga tsiku lathunthu anatuluka tiyi asanazizire. A Musadule sanakhulupirire.

"Alamu, yathamanga kwambiri iyi. Yasiya anthu panjira."

Anaonera kanema yense kuti atsimikize kuti palibe mlendo wasowa. Atapeza kuti onse alimo, chimwemwe chawo chinafika mpaka kwa telala. Mlamuyo naye anasangalala, poganiza kuti tsopano apuma. Koma a Musadule ataona kuti makina ali ndi mphamvu, anagula kamera yachiwiri, kuti pamene ina ikujambula akwati, ina izijambula anthu oonerera akwatiwo. Pasanathe mwezi anatulukiranso pakhomo pa shopu.

"Alamu, yayamba kuiwala."

Mlamuyo anawafotokozera kuti pafunika kuwonjezera ramu. Anati ramu ili ngati tebulo logwirirapo ntchito: likakula, umayalapo zambiri nthawi imodzi.

"Ndiye musandigulire katebulo ka tiyi. Ndipezereni lija amakhalapo akwati ndi aperekezi onse."

Anawaikira. Kenako a Musadule anamva kwa munthu wina kuti kuli khadi lothamangitsa zithunzi, ndipo ulendo uno sanafunse aliyense. Anaitanitsa okha lalikulu kuposa onse. Linabwera ngati njerwa, moti m'bokosi la kompyuta linangolowa mutu, miyendo ili panja. Mlamuyo anawapeza atagwira sowo yodulira zitsulo, akuyeza ndi diso limodzi.

"Alamu! Lero mwavomera kudula?"

"Chitsulo si munthu."

Anawalanda sowoyo n'kuwapezera bokosi lalikulu. Khadi litalowa, linafuna magetsi ambiri, ndiye anasinthanso kabokosi kogawa magetsi. Magetsi atakwana, kompyuta inayamba kutentha. Ndipo pa mlungu womwewo mchemwali wake wa mlamuyo anafika ku shopu, anakhala pa benchi osapereka moni.

"Achimwene, mwamuna wanga mwamupezera mkazi wachiwiri."

"Ine ndachita chiyani, achemwali?"

"Fani wa kuchipinda wapita ku situdiyo. Ife tikugona thukuta kamukamu, iye akupemereredwa. Dzulo ndawapeza akuyeza katani wa pabalaza, ati amusokere chofunda."

Itatha miyezi isanu ndi umodzi, pa kompyuta imene anagula tsiku lija panangotsala chingwe cha magetsi. Zina zonse zinali zitasinthidwa chimodzichimodzi. Zochotsedwazo zinadzaza katoni m'shopu mwa mlamuyo, ndipo tsiku lina atasowa chochita anazilumikiza. Anaseka yekha: patebulo panaima kompyuta ija ndithu, yonse yathunthu, monga inachokera kwa mayi wogulitsa. Anainyamula n'kukapatsa mchemwali wake.

"Nayi, muziseweretsa. Mwina mtima ungatsike."

Sanadziwe chimene anayambitsa. Mayiwo anakhala zaka zambiri akuonera amuna awo akugwira ntchito, ndipo zaka zonsezo zala zinkawayabwa. Anaika kompyutayo pa tebulo lodyera, anatenga ukwati umodzi wa maola asanu, n'kuusadza popanda chisoni. Galu anapita. Kuyetsemula kunapita. Malankhulidwe a amalume a mkwati, omwe anatenga ola, anatsala mawu awiri okha: "Zikomo kwambiri." Unatuluka kanema wa mphindi makumi atatu, ndipo eni ake atauona anaomba m'manja.

A Musadule anauonera atagwira pamtima.

"Mayi, anthu onse aja mwawapititsa kuti?"

"Kwawo. Ukwati unatha."

Masiku awiri sanalankhulane bwino. Tsiku lachitatu anagwirizana pamaso pa mlamuyo, yemwe anaitanidwa ngati nkhoswe: banja lililonse lizilandira makanema awiri. Wa mayi woonetsa alendo, wa bambo wosunga. Ntchito inayenda kuposa kale, ndipo mumsewu anthu ankati wa bambo ndi wabwino poonetsa mlendo amene wakhalitsa.

Mlamuyo sanasiye kuwanena. Nthawi iliyonse akamaika hadi disiki ina, chifukwa a Musadule sankafufutanso kanthu, ankabwereza mawu omwewo.

"Alamu, mankhwala a matenda anu si disiki. Ndi lumo."

Tsiku lina masana, ali chogwada pansi pa tebulo kuika disiki yachisanu ndi chinayi, m'situdiyo munalowa mayi wina wachilendo. Analankhula motsitsa mawu. Bambo ake anali atamwalira miyezi iwiri yapitayo, ndipo m'banja monse munalibe kanema wawo ngakhale mmodzi, zithunzi zokha. Koma anakumbukira kuti zaka zisanu ndi chimodzi kumbuyoko anapita ku ukwati wa mwana wa neba, ndipo anamva kuti wojambula anali a Musadule.

"Sanali munthu wofunika pamenepo," anatero mayiyo mopepesa. "Anangokhala kumbuyo. Mwina simunawajambule n'komwe."

"Anavala chiyani?"

"Sindikudziwa. Koma anali aatali, adazi, ndipo chipewa sankachisiya."

A Musadule sanafunsenso. Anatsitsa disiki ina pa shelefu, anailumikiza, anayendetsa kanema kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo. Kenako anaimitsa.

"Awa?"

Anali iwowo. Mzere wakumbuyo, pafupi ndi zenera, mkulu wina ankalimbana ndi mpando wogwedera. Anapinda pepala, anaika pansi pa mwendo wa mpando, anakhala, mpando unagwederanso. Anayang'ana uku ndi uku, n'kusinthanitsa mwakachetechete ndi mpando wa munthu amene anapita kukavina. Mwini mpando atabwera n'kutsala pang'ono kugwa, mkuluyo anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Mphindi khumi ndi imodzi zathunthu, pamene kutsogolo akwati ankadula keke popanda wowajambula.

Mayi uja anaseka, analira, anasekanso.

"Ndi bambo enieni amenewo," anatero. "Ankatero kumene."

Mlamuyo anatuluka pansi pa tebulo n'kuima chilili, sikuludiraiva ili m'manja. Mayiyo atapita ndi kanema wake, iye anayembekeza kuti alamu ake akhala chete mwaulemu. Koma a Musadule anamutembenukira.

"Alamu, paja mumati mankhwala ndi chiyani?"

"Palibe chimene ndinanena."

"Chabwino. Mwezi wamawa mubwere ndi disiki ina."

A Musadule anakhala zaka zina zinayi akujambula, akusunga, akuwonjezera. Matenda amene anawatenga sanatalike. Ali m'chipatala anauza namwino kuti makina oyezera mtima akuchedwa, mwina awonjezere ramu. Mlamuyo atapita kukawaona, anamukodola kuti ayandikire. Iye anawerama, poganiza kuti amva mawu aakulu a pabanja.

"Alamu, muwauze mayi. Kompyuta ija asamaizimitsire pakhoma. Azitseka bwinobwino."

Anamwalira patatha masiku atatu, m'mawa dzuwa litatuluka. Pamaliro anthu anadzaza mpaka mumsewu, ambiri a iwo mabanja omwe anawajambula, ena atanyamula ana, ena adzukulu. Aliyense woimirira kuti alankhule anali ndi nkhani yake, ndipo woyendetsa mwambo, yemwe poyamba ankaloza wotchi, anaivula n'kuika m'thumba.

Situdiyo ikadalipo. Akazi awo aja ndi amene akuiyendetsa, ndipo makanema amatuluka pa tsiku limene alonjeza. Telala amati masiku ano amasoka malaya ambiri, popeza palibe womuchedwetsa ndi nkhani za azakhali a mkwati. Mumsewu mumadutsika msanga. Moni ndi moni basi, munthu n'kumapita.

Mlamuyo naye ntchito imamuthera dzuwa likadali pamwamba. Palibe wolowa wefuwefu, palibe womulanda kasitomala pakati pa chiganizo. Amakonza zimene zabwera, amasesa, amakhala pa benchi kuyang'ana magalimoto. Kompyuta ija yatha chaka osadwalapo, chifukwa mchemwali wake saisenzetsa katundu woposa msinkhu.

Komabe Loweruka lililonse masana amatseka shopu, amayenda makomo atatu aja, n'kugogoda.

"Ilibe vuto, achimwene," amatero mchemwali wake.

"Ndikudziwa, achemwali."

Mayiwo amamusunthira mpando n'kukatereka madzi a tiyi. Iye amamasula bokosi lija, amapemerera fumbi lomwe kulibe, n'kumanganso pang'onopang'ono.